Mbande ndi Maenje a M'matumbo

Mundikhululukire poti ndalimba mtima kulemba. Ine si wolemba mabuku, ndipo kusukulu ndinali mwana uja amene aphunzitsi amamukumbukira pa tsiku lobweza makope lokha. Nkhani yakenso ndi ya matumbo, chinthu chomwe anthu aulemu satchula ena akudya. Koma zomwe ndilembe pano ndinaziona ndi maso angawa, ndipo mukafika kumapeto mudziwa chifukwa chake mawu amenewa sindiwanena mwachibwana.

Kwathu n'kuchigwa, kumunsi kwa Sharpevale, komwe timalima mpunga wothirira. Bambo anatisiya ndili ku pulayimale, choncho poloti yathu ankaiyendetsa ndi amayi, ine n'kumathandiza kuzula mbande ndi kuwokera sukulu ikatsekera. Ndinaphunzira pa sekondale yoyendera yomwe inalibe labu. Maikulosikopu, makina aja oonera tinthu tosaoneka ndi maso, tinawaphunzira pabolodi. Aphunzitsi anawajambula ndi choko, ife n'kukopera, n'kulemba dzina la chiwalo chilichonse kumapeto kwa kamzere kolemba ndi rula. Selo la anyezi tinakopera. Mtima wa munthu tinakopera. Malikisi ankapita kwa yemwe pensulo yake inali yosongoka ndipo mizere yake sinadutsane, ndipo pamenepo panalibe wondiposa. Aphunzitsi ankakweza kope langa m'mwamba n'kunena kuti, "Taonani za mnzanuyu." Ine n'kuwerama, manyazi ndi chimwemwe zitandigwira pamodzi.

Kumeneko ndinatolako zinthu ziwiri zomwe ndinkayesa kuti ndiye kuphunzira. Choyamba, chojambula chabwino ndi chomwe chafanana ndi cha m'buku. Chachiwiri, yankho lolondola limaonekera pankhope ya mphunzitsi, choncho uziyang'ana kumeneko.

Nditasankhidwa kupita ku koleji ya zaumoyo m'tauni kukaphunzira ntchito ya m'labu, mudzi unandipatsa udindo ndisanakwere n'komwe minibasi. Ndinasanduka "adokotala a magazi". Amayi, omwe si munthu wodzitama, anakaimirira okha pa msonkhano wa amayi a kutchalitchi n'kupempha kuti aimbe nyimbo yoyamika. Pondiperekeza kumsewu anandinyamulira katundu pamutu ngati ndine mlendo.

Phunziro la minofu ya m'thupi ankatiphunzitsa ndi mayi wina wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi, yemwe tonse tinkangomutchula kuti madamu. Tsiku loyamba m'labu anabwera ndi kabokosi kathabwa kodzaza timagalasi tathyathyathya, kalikonse kali ndi kachidutswa ka mnofu kopyapyala kuposa khoko la anyezi, kopakidwa utoto wa pinki ndi pepo.

"Masilaidi awa anachokera kutali," anatero, "ndipo ena mwa iwo ndi akale kuposa inu. Mukatsitsa lenzi mwamphulupulu, silaidi imasweka. Ikasweka, ina kulibe."

Analankhula zina zambiri, za poyambira ndi za kapotedwe ka zopotera ziwiri za m'mbali mwa makinawo, koma ine ndinangomva mawu amodzi: imasweka. Ndinalumbira mumtima kuti dzanja langa silidzakhudza zopoterazo. Sindinafune kuti mtsikana wa kumudzi ndiye akhale woyamba kuswa chinthu cha eni.

Maikulosikopu imodzi tinkagawana anthu asanu. Ine ndinkalola anzanga onse ayambe, monga ndinaleredwera. Ikafika nthawi yanga, ndinkaika diso pamenepo n'kuona chifunga cha pinki, nthawi zina nsidze zanga zomwe, nthawi zina mdima wokhawokha. Kumbuyo kwanga anthu ankakhala akudikira. Ndinkawerenga mpaka kasanu mumtima n'kudzuka.

"Waona?" ankandifunsa mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, mtsikana wa m'tauni momwemo, wolongolola, yemwe anaphunzira sukulu ya labu yeniyeni.

"Ndaona."

"Waona ndi diso liti, iwe wa ku Ntcheu? Ine ndimaona ngati watsinzina onse awiri."

"Ndaona ndithu."

Ndikabwerera pabenchi, ndinkatsegula buku n'kujambula. Zojambula zanga zinkabwera zitachongedwa bwino, chifukwa silaidi iliyonse ya m'kalasi inali ndi dzina lake pakapepala, ndipo tsamba la m'buku la dzina lomwelo silinkavuta kupeza. Mnzangayo zake zinkaoneka ngati mwayenda nkhuku, koma iye ankajambula diso lili pamakina.

Za matumbo ndinaziloweza moti mukanandidzutsa kutulo ndikanazinena osaphonya. Khoma la thumbo lili ndi magawo anayi osanjikizana. M'kati mwenimweni muli kansalu kofewa komwe kamakhudzana ndi chakudya. Pansi pake pali gawo lonyamula mitsempha. Kenako minofu iwiri, wina wozungulira ngati mphete, wina wotsata utali wa thumbo, ndipo iwiriyi ndiyo imakankha chakudya. Kunja kwake kuli kachikuto kosalala. M'matumbo aang'ono kansalu ka m'kati kaja kamatulutsa tizala tambirimbiri, tomwe m'buku amati mavilai, kalikonse kali ndi timitsempha ta magazi ndi kanjira kamodzi pakati komwe mumalowa mafuta, ndipo ndi tizala timeneti tomwe timayamwa zabwino za m'chakudya. M'matumbo aakulu tizala mulibe. Muli timaenje tatalitali toongoka, todzaza ndi maselo ooneka ngati tizikho omwe amatulutsa zoterera, ndipo ntchito yaikulu kumeneko n'kuyamwa madzi. Zonsezi ndinkazidziwa monga munthu amadziwira mayina a mizinda yomwe sanapondeko.

Mayeso a kumapeto kwa chaka anali ozungulira. Makina anawandandalika m'mabenchi, mapepala a mayina atamatidwa, ndipo belu likalira unkasuntha kupita pa makina otsatira. Ndinazindikira pa makina oyamba penipeni kuti ndathedwa. Ena mwa makinawo anali oikidwa kale bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona zinthu zooneka, koma sizinafanane ndi m'buku. M'buku zonse zimakhala zoyera, zamizere, dzina lili pambali. Pano panali piringupiringu wa pinki ndi timadontho ta pepo, ngati chitenje chochucha utoto.

Pa makina ena funso linati: ichi ndi chigawo cha matumbo, nenani kuti n'chiti, jambulani, ndipo perekani zifukwa ziwiri. Ndinasuzumira n'kuona timizere toimirira. Mtima unati phaa, ndapeza chimodzi. Ndinachotsa diso n'kujambula matumbo aang'ono a pa tsamba lomwe ndinkalikonda, tizala toongoka tofanana msinkhu, kanjira ka mafuta pakati pa kalikonse, mizere ya rula yosadutsana.

Patatha sabata madamu anandiitanitsa ku ofesi kwawo. Ndinalowa n'kufuna kugwada, iwo n'kundilozera mpando. Pepala langa linali patebulo, atalitsegula pa chojambula chija.

"Munajambula ndinu?"

"Inde, madamu."

"Chikhalireni pano sindinachongepo chojambula chokongola chonchi." Ndinayamba kumwetulira, poti nkhope yawo sinali yokwiya. "Mwajambula bwino kwambiri chinthu chomwe panalibe. Pa silaidi ija panali matumbo aakulu. Panalibe kachala n'kamodzi komwe. Tizala timeneti munatitenga kuti?"

Ndinkafufuza yankho pankhope pawo, koma panalibe.

"Zolemba munakhoza kuposa kalasi yonse. Za pamakina mwalakwa pafupifupi zonse. Mudzalemba sapu sukulu isanatsegulire." Sapu ndi mayeso obwereza, mwayi wachiwiri womwenso ndi wotsiriza. "Mukalephera imeneyo, malo anu pano atha. Ndipo sindidzakumverani chisoni, chifukwa munthu wa m'labu wolemba zomwe sanaone amapha anthu. Mawa adzakupatsani magazi a mwana wodwala, inu n'kujambula za m'buku. Muli ndi funso?"

"Ayi, madamu."

Funso ndinali nalo, lalikulu ngati phiri, koma ndinatuluka nalo.

Mnzanga uja atamva anaseka kaye, kenako n'kuona nkhope yanga n'kusiya, kenako n'kulephera kudzigwira. "Koma iwe, Mngoni weniweni kulakwa matumbo? Si inu mumadya mbuzi mpaka ziboda? Akakumva kwanu akakulanda mtundu." Anandikumbatira pambuyo pake, koma mawu ake anandiperekeza mpaka pa Nsipe pomwe ndinatsikira kusintha galimoto.

Kunyumba sindinanene kanthu. Tchuthi chimenecho chinali cha mwezi wa Ogasiti, ndipo banja lathu linali kalikiliki kukonzekera kuvundukula chiliza cha agogo aamuna, bambo a amayi anga, omwe anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya ku Joni. Abale anabwera kuchokera ku Manjawira ndi kumtunda. Aliyense wolowa pabwalo ankandipatsa moni wa "adokotala", ine n'kumavomera ndi mutu. Masiku awiri ndinawathera kumunda, ndikuthirira nazale ya mpunga wa chilimwe, kuti ndisakumane ndi anthu.

Mmawa wa tsiku la mwambo amuna anapha mbuzi ziwiri kuseri kwa khola. Zam'kati anatipatsira ife m'beseni lalikulu, ndipo amayi, azakhali anga ndi ine tinakakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mjigo. Pa ntchito ya matumbo amayi ndi katswiri wodziwika. Pamaliro ndi paukwati ndi iwo amaitanidwa kudzakulunga nthumbwana, zidutswa za chifu zomangidwa ndi thumbo laling'ono, ndipo zawo sizimasuka mumphika. Ine ntchitoyi ndinali nditaithandizapo kambiri, koma gawo langa linali lothira madzi.

"Lero adokotala atipimire," anatero azakhali, mlongo wa malemu bambo, mayi wosasowa chonena. "Mbuzi iyi inali ndi shuga kapena ayi? Tisadye matenda."

"Asiyeni adokotala, manja awo ndi a magolovesi tsopano," anatero amayi akuseka. Kenako anandiponyera mulu wa matumbo. "Tandipatulira aang'ono ndi aakulu. Aang'ono ndikulungire."

Ndinayamba kupatula poyang'ana kunenepa kwake. Zimenezi zimathandiza kumayambiriro, koma thumbo lalikulu la mbuzi limapota ngati nkhata ndipo chakumapeto limaonda, moti likadulidwadulidwa n'kukhutulidwa umasokonezeka. Ndinanyamula chidutswa china n'kuyang'ana amayi.

"Ukundiyang'aniranji ine?" anafunsa. "Ndine thumbo ine?"

Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti.

Amayi anapitiriza kuti, "Kuyambira uli mwana khalidwe lako ndi lomweli. Ndikakutuma mchere, umayang'ana nkhope yanga m'malo moyang'ana m'chitini. Bweretsa kuno."

Anatenga kabango, n'kukalowetsa kumapeto kwa thumbolo, n'kulitembenuza kuti m'kati mubwere kunja, monga timachitira ndi sokosi. Anatero ndi chidutswa china. Anazitsukuluza mopepuka, n'kundigwira chala n'kuchiyendetsa pa choyamba.

"Ukumva chiyani?"

"Zofewa."

"Zofewa bwanji? Phala n'lofewanso."

Ndinayendetsanso chala pang'onopang'ono. "Ngati bulangete latsopano. Ngati kuli ubweya."

"Eya. Limenelo n'laling'ono. Ukalipala ndi mpeni ubweyawo umachoka ngati phala, thumbo n'kutsala pepala. N'chifukwa chake sindilola munthu wamphamvu zambiri kutsuka amenewa. Gwira ili."

Lachiwirilo linali losalala, loterera ngati therere, chala chimangotsetsereka.

"Ili lilibe ubweya," ndinatero.

"Ndiye lalikulu limenelo. Limafuna mchere ndi madzi ambiri, apo ayi lidzanunkhitsa mphika wonse. Ndipo ukamakhutula uziona. M'aang'ono mumatuluka zamadzimadzi. M'aakulu, ukamatsika, zimanka ziuma mpaka kusanduka timibulu tomwe mbuzi imasiya pabwalo. Madzi amathera m'menemo."

Amayi anga sukulu anailekeza sitandade 4. Anali atangondiuza tsamba lonse la m'buku langa, maso awo ali kwina, akuyang'ana ngati moto wayaka. Zidutswa ziwirizo zidakali m'manja mwanga, azakhali atanyamuka kukatunga madzi ndinangoti, "Amayi, mayeso ena ndinalakwa."

Manja awo anaima m'beseni.

Ndinawauza zonse, za zopotera zomwe ndinkaopa kugwira, za "ndaona" wanga wabodza wa chaka chathunthu, za tizala tomwe ndinajambula pomwe panalibe, ndiponso kuti ndikalephera kachiwiri ndibwerera kudzawokera mpunga. Ndinkadikira kuti alire kapena atchule za amayi a kutchalitchi. Iwo anangofunsa kuti, "Ndiye chaka chonse unkauza anthu kuti ukuona, usakuona?"

"Inde."

"Kuopa chiyani?"

"Kuswa galasi la eni. Ndi kusekedwa."

"Nanga pano sakuseka?" Anapukuta manja pachitenje. "Mpunga ulipo, ukabwera tidzalima, sindidzakuthamangitsa. Koma ukabwere utayang'ana n'kulephera. Usabwere chifukwa cha ulemu wopusa." Anatola thumbo lina n'kuyamba kukulunga. Kenako anati, "Ubweya umenewu ndi womwe amakuonetsani pamakinapo?"

"Ndikuganiza choncho."

"Ukuganiza. M'sutikesi ya agogo ako muli galasi lija ankawerengera Baibulo maso atafooka. Katenge."

Linali galasi lokulitsa zinthu, la chogwirira chakuda, lomwe agogo anabwera nalo kuchokera kumigodi pamodzi ndi jekete ndi wailesi. Ndinadula kachidutswa ka thumbo laling'ono, n'kukaika m'mbale yoyera ya madzi oyera, n'kupita nayo padzuwa. Poyamba sindinaone kanthu. Ndinatsitsa galasi, chifunga. Ndinalikweza, chifunga. Ndinalitsitsanso pang'ono kwambiri, ndipo mwadzidzidzi zinaonekera: tinthu tating'onoting'ono tambirimbiri, tothithikana, toimirira, tikugwedezeka ndikagwedeza mbale. Sitinali tofanana msinkhu ngati ta m'buku. Tina tinali topendekeka, tina togonerana. Tinali ngati mbande za panazale yomwe ndinali nditathirira dzulo lake, madzi akamadutsa pakati pake.

Ndipo ndinazindikiranso chinthu china chomwe chinandichititsa manyazi kuposa kulakwa mayeso. Chifunga chija sichinali chilema cha maso anga kapena umbuli wa kumudzi. Chinkangofuna kukweza ndi kutsitsa galasi. Zopotera zomwe ndinkaziopa ntchito yake inali yomweyi.

Ndinaika kachidutswa ka thumbo lalikulu. Pamwamba pake panali pathyathyathya, ponyezimira. Buku limati pali timaenje, ndipo mtima unkafuna kunena kuti ndatiwona, koma galasi la agogo linali lofooka. Amayi anafuula ali pabeseni kuti, "Nanga ilo, waonamo chiyani?"

"Palibe ubweya. Zina sindikuziona."

Kanali koyamba kunena mawu amenewo mokweza, ndipo palibe chinagwa kumwamba.

Masana tinapita kumanda, abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa pachiliza, ndipo madoda anavina ngoma pabwalo akuimba m'chingoni chakale chomwe ife achinyamata timangochitsatira ndi mapazi. Azakhali anandipatsa nthumbwana ziwiri m'mbale n'kunena kuti, "Idyani, adokotala, mwazipima nokha." Amayi sanawauze kanthu, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati azakhaliwo anadziwa.

Ndinabwerera ku koleji kutatsala masabata awiri kuti sapu ichitike. Ndinakagogoda pa ofesi ya madamu, ndipo ndinanena mawu omwe ndinabwera ndikuwayeseza m'minibasi monse: "Madamu, sindidziwa kugwiritsa ntchito maikulosikopu. Chaka chonse sindinaonepo kanthu."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Mukanandiuza sabata yoyamba, bwenzi ili ntchito ya mphindi khumi. Tiyeni."

Anandionetsa kuyamba ndi maso okha, kukweza silaidi kuwindo kuti ndidziwe komwe kuli m'kati mwa thumbo ndi komwe kuli kunja. Kenako lenzi yaing'ono kwambiri, yomwe ngakhale utaitsitsa siifika pagalasi. Kutsitsa ukuyang'ana m'mbali, kukweza ukuyang'ana m'kati. Anandigwira dzanja n'kuliika pa chopotera chachikulu. "Potani. Sichiluma."

Chifunga chinang'ambika, ndipo nazale ija inali pomwepo, yopakidwa pinki.

Masabata awiri amenewo ndinkalowa m'labu mmawa n'kutuluka akamatseka. Buku ndinalisiya kuchipinda dala. Ndinaona kachala kamodzi pa lenzi yaikulu, maselo ake aataliatali atandandalikana ngati anthu pamzere wa chigayo, aliyense kadontho ka pepo kali kumunsi, ndipo m'mphepete mwake kamzere kowirira komwe ndi timaubweya tina tating'ono kwambiri pamwamba pa selo lililonse. Ndinaona maselo a tizikho, oyera ngati timadontho ta madzi, apa ndi apo pakati pa anzawo. Ndinaphunzira kuti chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, cholandira chakudya kuchokera m'chifu, chimadziwika ndi timagulu ta timatumba totumbululuka pansi pa kansalu ka m'kati, totulutsa madzi oziziritsa ukali wa asidi. Chigawo chotsiriza chimadziwika ndi timilu ta pepo wothithikana, ta maselo olimbana ndi matenda. Ndipo ndinaona pomwe ndinagwera pa mayeso aja. M'matumbo aakulu, makoma a pakati pa dzenje ndi dzenje amaoneka ngati timizere toimirira, ndipo wothamanga amawayesa tizala. Koma ukatsata pamwamba pake umapeza kuti m'pofanana, ngati munda wosalazidwa womwe wina wadutsamo ndi ndodo akuboola maenje. Mbande zimatuluka kupita m'mwamba. Maenje amalowa pansi. Ndipo m'maenje a matumbo aakulu tizikho timachuluka mpaka khoma lonse kuoneka loyera. Therere lija ndinaligwira pabeseni la amayi linkachokera pamenepo.

Zojambula zanga zinanyansa. Madamu ankazidutsa osanena kanthu, ndipo ine ndinadziletsa kuwayang'ana kumaso.

Pa sapu tinalipo ochepa. Belu linalira, tinayamba kuzungulira. Chiwindi ndinachidziwa, impso ndinaidziwa, silaidi ina inandikanika ndipo ndinalemba zomwe ndinaona zokha osatchula dzina. Pa makina achisanu ndi chiwiri funso linali lomwe lija: ichi ndi chigawo cha matumbo, n'chiti?

Ndinaika diso, n'kupota pang'ono chopotera chaching'ono. Panalibe tizala. Panalibenso timizere toimirira. Panali timikombero tokhatokha, todzaza malo onse ngati maluwa a pachitenje. Mpeni wodula mnofuwo unadutsa chopingasa. Chithunzi chotere m'buku langa munalibe, ndipo ndinamva dzanja likufuna kale kujambula tsamba lakale lija. Madamu anali ataima pafupi ndi chitseko. Khosi linafuna kutembenukira komweko. Sindinalilole.

Ndinadzifunsa za kumunda. Ukamweta mbande chopingasa, chotsala n'chiyani? Kachitsinde kodzaza m'kati, madzi ali mozungulira kunja. Nanga ukasenga nthaka pomwe panabooledwa ndi ndodo? Kabowo pakati, dothi mozungulira. Ndinayang'ananso. Kamkombero kalikonse kanali ndi kabowo koyera pakati, maselo atazungulira moyang'ana m'kabowomo, ndipo pakati pa kamkombero ndi kanzake panali mnofu, osati mpata. Anali maenje. Koma maenje aafupi amapezekanso m'matumbo aang'ono, pansi pa tizala, choncho sindinathamange. Ndinayang'ana tizikho. Tinali tambiri, pafupifupi selo lililonse, mkombero wonse mbee. Ndinasuzumira m'mphepete monse mwa chomwe chinkaoneka, kufuna kachitsinde kodzaza m'kati ngakhale kamodzi. Panalibe.

Ndinalemba kuti matumbo aakulu. Ndinajambula timikombero tisanu tokhotakhota monga tinaliri, kamodzi kong'ambika m'mbali chifukwa kanalidi kong'ambika. Belu linalira ndisanagwire rula.

Zotsatira anazimata pabolodi la panja pa ofesi sukulu itatsegulira. Mnzanga uja ndiye anathamangira kukaona, ine nditaima patali pansi pa mtengo. Anabwerera akukuwa kuti anthu onse amve: "Mngoni wabwezeredwa mtundu wake!" Sindinamukhulupirire mpaka nditapita ndekha, n'kuika chala pa nambala yanga, n'kutsata mzerewo mpaka kumapeto.

Pepala langa madamu anandionetsa tsiku lomwelo. Pambali pa timikombero tija analemba ndi cholembera chofiira kuti chojambulacho n'chosasamalika, n'kudulapo theka la malikisi a ukhondo, koma yankho analichonga. Ndinaimbira foni amayi kudzera kwa oyandikana nawo nyumba. Amayi anali kumunda, ndipo anabwera kufoni akupuma mwawefuwefu.

"Ndakhoza, amayi."

"Wauzidwa, kapena waona wekha?"

"Ndaona ndekha."

"Chabwino. Ndisiye ndikatseke madzi, alowa m'poloti ya eni."

Linali Lachiwiri, pa 3 Okutobala.